Pakhonde Panga Musathirepo Simenti

Ana inu, sendezani matumba a nandolowo cha uko, ndipo musaponde apa, dothi silinaume. Chifikireni ndakuonani mukukodolana. Mukuti nkhalamba yayamba kuzungulira mutu, mwamuna wandevu zake kugwada ndi nkhulungo m'manja n'kumazira pakhonde ngati namwali woyembekeza alendo. Sekani, mano ndi anu. Iwe Yamikani, chiyambire kabaza wasanduka bwana, ukangobwera nkhani ndi ya simenti, ati agogo tikukonzereni pakhomo. Ndakhala ndikukukaniza osakuuza chifukwa. Lero ndinena, poti Tadala akupita ku maphunziro a utumiki, ndipo ndamva kuti akamaliza ampingo adzamutumiza kutsidya, ku Mozambiki.

Maphunziro anu amasiku ano ndinakawaonako ku Limbe. Mipando yapulasitiki, kanema pakhoma, tiyi wamkaka, mphunzitsi atamanga tayi mpaka khosi kutupa. Mukamaliza amakupatsani satifiketi yokapachika pabalaza. Sindikunyoza ayi, Tadala, usakwinye nkhope. Ndikungoti ife tinaphunzira mwina.

Mphunzitsi wathu anali abusa a Nampinga, munthu wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, koma mawu ake ankamveka kutsidya kwa dambo. Tchalitchi chathu cha ku Nchema nthawi imeneyo chinali cha zidina, denga laudzu, pansi pozira, ndipo belu linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo wa mango. Tikakolola chimanga, chiperoni chikayamba kunyowetsa mabulangete, abusa ankasonkhanitsa onse ofuna kutumidwa, amuna ndi akazi omwe. Baibulo ankatiphunzitsa, inde, koma nthawi yambiri inkathera pa zina. Ankati ukafika pamudzi wa eni uyambe odi, ukhale pansi, ufunse za mvula ndi za odwala, buku likhale kaye m'thumba. Chimene akupatsa idya, ngakhale kalongonda wosapsa bwino, uja amazunguza mutu. Usamayende wekha, muzikhala awiri. Phunziro limodzi lokha ndi limene ine ndinali katswiri, lomata chubu cha njinga patchire. Pamenepo ngakhale abusa ankakhala pansi kundimvera, paja ntchito yanga moyo wonse yakhala ya njinga pa Mbulumbuzi.

Mayeso omaliza ankachitikira kubwinja. Mukadutsa dambo lija kulowera kuphiri pali malo amene mpaka lero palibe alimapo, ngakhale minda yavuta chonchi. Pali mitengo ikuluikulu ya mango, mpanda wa nkhadze umene unakula mpaka kusanduka nkhalango, ndi miyala ya mphero itangoti mbwee mu udzu. Wophunzira ankapita kukaima pakati pa bwinjalo yekha, dzuwa lili paliwombo, n'kuchititsa mapemphero onse kuyambira nyimbo, pemphero, ulaliki, mpaka kuitana ofuna kutembenuka mtima kuti abwere kutsogolo. Abusa ankakhala patali pa chulu kumvetsera ngati mawu akufika. Ankati munthu amene walalikira mitengo osachita manyazi sangaope nkhope za anthu.

Ine mayesowo ndinalephera, ndipo musakauze anzanu. Ndili pakati pa ulaliki wa mwana wolowerera, bango lakupsa linagwa mumtengo wa mango kumbuyo kwanga kuti thi. Ndinazindikira ndili kale kudambo, nsapato imodzi itatsala konko. Abusa anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kundiuza kuti Mulungu amafunanso anthu okonza njinga za alaliki. Ambiri anakhoza, chaka ndi chaka. Ankapita, kufuula m'Chinyanja, kuitana, mitengo ili duu, n'kubwerako akuseka.

Munthu mmodzi yekha sankakondwa nazo, mnzanga Che Jafali, Msilamu wogulitsa matemba, amene njinga yake inkadwala sabata iliyonse. Tsiku lina ndikumuwongolera masipoko anandiuza zimene anamva kwa akuluakulu akwawo. Pabwinjapo panali mudzi wa anthu a mtundu wathu, Alomwe oyamba kufika kuno, aja anabwera wapansi kuchokera kutsidya atasenza mitolo pamutu n'kudzagwira thangata m'minda ya azungu. Nthenda inawalowera nyengo imodzi, inasesa mudzi wonse, osatsala ndi wolira maliro yemwe. Anati, “Inu Akhristu mumakonda kufuula pamene anzanu agona.” Ine ndinamuyankha kuti tafuulapo zaka zambiri ndipo palibe anadzuka. Iye anangotola njinga yake.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa inu simudziwa manyazi amene ife tinakula nawo. Lero mumavina tchopa poyera, mumajambulitsa pafoni, mukunyadira. Ife kusukulu ukangotulutsa liwu limodzi la Chilomwe anzako ankakuseka mpaka kuweruka. Makolo anga ankachilankhula pokhapokha akamakangana kapena akafuna kutibisira nkhani. Tinakula tikudya makaka ndi kalongonda, koma chilankhulo tinachisiya dala. Agogo anu aakazi, a Elida, anali osiyana. Iwo analeredwa ndi agogo awo, gogo wamakani amene anafa osalola Chinyanja kulowa m'kamwa mwake, choncho Chilomwe anali nacho chonse, cha miyambi ndi nyimbo zomwe. Inu simunawaone. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, woyenda mokoka pang'ono mwendo wakumanzere chifukwa khasu linawadula kachala kakang'ono ka kuphazi ali mtsikana. Ndinkawaseka kuti ngakhale atathawa sindingavutike kuwalondola.

Nkhondo ya kutsidya itatha, othawa nkhondo atayamba kubwerera kwawo, mpingo wathu unagwirizana zotumiza anthu kukathandiza kudzutsa matchalitchi amene anaphwasuka. Abusa anati kumeneko Chinyanja sichipita patali, opitawo ayenera kulalikira m'Chilomwe. Atayang'ana mumpingo monse, wochidziwa bwino anali agogo anu. Ine sindinadandaule. Ndinkaona ngati ndi ulendo wa miyezi yochepa, ndiponso ndinkanyada, poti m'banja mwathu munapezeka woti akakhoze pamene ine ndinataya nsapato.

Tsiku la mayeso awo linali la m'chilimwe, nthawi imene nthaka imawotcha mapazi ndipo nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa. Ndinawaperekeza, n'kukhala pa chulu pamodzi ndi abusa. Tinkawaona patali ataima pansi pa mango, atavala mpango woyera. Anayamba nyimbo m'Chilomwe, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu alankhule chilankhulo chimenecho pamalopo chifere eni ake. Ine ndinkangotolako liwu limodzilimodzi. Atangotchula dzina la Muluku, ndiye kuti Mulungu, nyenje zonse zinaleka nthawi imodzi. Kunangoti zii, moti ndinkamva abusa akumeza malovu.

Analalikira nthawi yaitali kuposa mmene tinkachitira ena tonse. Pomaliza anatambasula manja n'kuitana, monga mwa dongosolo. Ana inu, kunalibe mphepo tsiku limenelo, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Koma ndinaona udzu wouma uja ukupatuka, tinjira tikutseguka kuchokera kumpanda wa nkhadze, kuchokera kumiyala ya mphero, kuchokera mbali zonse, tonse tikulunjika pamene anaima agogo anu. Ndinayang'ana abusa kuti mwina maso anga ndi amene akundinamiza. Ndinapeza atagwira Baibulo ndi manja onse awiri, maso ali pa tinjira tomweto.

Agogo anu anabwera pang'onopang'ono, akuimaima ndi kucheuka monga achitira mayi woyenda ndi ana. Atafika pachulu sanafunse ngati akhoza mayeso. Anangoti, “Tiyeni, koma tisafulumire. Ena ndi okalamba.”

Kunyumba sananene zambiri, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Loweruka amayi ampingo anakazira m'tchalitchi monga mwa masiku onse, dothi lakuda la kudambo, n'kutseka chitseko kuti mbuzi zisalowe. Lamulungu m'mawa ine ndi amene ndinkatsegula ndi kuimba belu. Nditakankha chitseko ndinapeza kumbuyo konse, kuyambira pakhomo mpaka pa benchi yomaliza, kuli mapazi okhaokha. Anali mapazi opanda nsapato, otambalala, a zikang'a zakuya, ena zala zitadyeka ndi matekenya. Panali aakulu, panali a ana. Onse analoza kuguwa, ndipo panalibe ngakhale limodzi lotuluka.

Tinayesa kunamizira ana a m'mudzi, koma matekenya otere ndani anali nawo m'masiku amenewo? Mapemphero anachitika ndithu. Chimene sindidzaiwala ndi nyimbo. Tikamaliza ndime, ife tonse titatseka pakamwa, kumbuyo kunkatsala kamawu kakupitirira pang'ono, kapansipansi, ngati anthu amene akuphunzira kumene nyimbo ndipo sadziwa pothera. Anthu a pabenchi yomaliza anasamuka okha, ati kukuzizira, chikhalirecho kunja dzuwa likuswa mtengo.

Sabata yotsatira mapazi aja anafika pakati pa tchalitchi. Sabata inayo anapendekera kumbali ya amayi, kumene ankakhala agogo anu. Mpingo unayamba kuchepa. Ena anapita ku matchalitchi a ku Mbombwe, ena anangokhala kunyumba. Kwathu nako zinthu zinasintha. Agogo anu akamapita kumjigo ankayenda m'mphepete mwa njira, ngati akupatsa malo anthu. Akamasenda chinangwa ndinkawamva akuyankha m'Chilomwe, mwaulemu, pamene palibe wawafunsa. Anayamba kuwonda. Lute, mayi ako iwe Tadala, anali atangotha msinkhu, ndipo anasiya kukhala pafupi ndi mayi ake, ati pamphasa palibe malo. Ine ndinkachita mantha, komanso ndinali ndi mkwiyo. Ndinapita kwa abusa n'kuwalankhula mawu amene munthu sayenera kulankhula kwa mbusa wake.

Abusa anaitanitsa akuluampingo kuti tisale kudya ndi kupemphera, mizimuyo ibwerere kumene yachokera. Tinasonkhana masana m'tchalitchi. Asanayambe, agogo anu anaimirira, munthu amene sankalankhula pamsonkhano. Anati, “Abusa, munatiphunzitsa nokha kuti mlaliki sathamangitsa munthu amene wabwera ataitanidwa. Ndinawaitana ndine. Zaka zonsezi mwakhala mukuwalalikira m'chilankhulo chimene samva. Lero amva, ndiye tiwapirikitse?”

Abusa anafunsa chimene anthuwo akufuna, kaya ndi nsembe, kaya ndi chiyani, poti zimenezo mpingo sungachite. Agogo anu anati safuna chakudya kapena mowa. Akungofunsa njira. Anabwera kuno akuganiza kuti adzabwerera, anasiya amayi awo ndi abale awo kutsidya, ndipo amene ankadziwa njira anafa oyamba. Abusa anavula magalasi aja n'kutiuza kuti tizipita. Msonkhano unatha wopanda pemphero lothamangitsa aliyense.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinawachonderera agogo anu tili pakhonde lino. Ndinati alekeni ena apite, inu mwadwala. Ndinati nanga Lute, nanga munda, nanga ine. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, “Bambo a Lute, ndikakhala, akhala nane pompano mpaka andimalize, osati mwa nkhanza, koma poti alibe wina wowamva. Ndikapita, ndikawatula n'kubwerako. Ulendo ndi womwe uja ampingo anandituma.” Ndinapempha kuti ndipite nawo, koma lamulo linali lakuti opita akhale okhoza mayeso, ndiponso mwana sakanatsala yekha. Ampingo anawapatsa mnzawo woyenda naye, mayi Esnati, mayi wolimba mtima amene anamwalira chaka chathachi.

Agogo anu ndinawakweza panjinga kukawatula kumsewu. Ana inu, ine ndanyamulapo matumba a chimanga, ndanyamulapo mbuzi ndi malata, koma sindinapalasepo njinga yolemera ngati tsiku limenelo, chonsecho munthu anali atatha ngati bango la kudambo. Thukuta linkachita kuyenderera. Pa chitunda china ndinacheuka. Kumbuyo kwathu fumbi linali kukwera mumsewu wonse, lotsika, lofika m'mawondo, monga limachitira anthu akamachokera kumaliro, koma msewu unali wopanda munthu. Agogo anu anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndiziyang'ana kutsogolo, anthu amachita manyazi akamayang'anitsitsidwa. Pamsewu anakana kukwera galimoto. Anati ayenda wapansi, poti onsewo sangakwane.

Lamulungu lotsatira ndinatsegula tchalitchi ndipo dothi linali losalala, lopanda phazi ndi limodzi lomwe. Nyimbo inkathera pamene tathera. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, ena mpaka kumanena kuti panalibe chimene chinachitika. Abusa sanatumizenso munthu kubwinja kuja. Mayeso anawasamutsira pamsika, ati kuli bwino kusekedwa ndi amoyo.

Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira, tinakolola. Che Jafali, amene ankafika mpaka kumalire ndi malonda ake, anandiuza kuti anthu anawaona akuwoloka, amayi awiri, mmodzi akuimaima kudikira. Kenaka kunalibenso uthenga. Mayi Esnati anabwera okha mvula ina itayandikira, atada, mapazi atatupa. Anakhala pomwe wakhala Yamikanipo n'kundifotokozera zonse.

Anati kupitirira Milanje, tauni ya kutsidya kwa malire, agogo anu ankati akafika pamphambano ina, kapena pamudzi wina wotenthedwa ndi nkhondo, ankaima, kulankhula pang'ono m'Chilomwe, kugwada monga potsanzikana ndi akulu, n'kupitiriza. Akatero ankaoneka opepukidwa, mpaka anayambanso kudya bwino ndi kuseka. M'midzi ya amoyo ankalalikira, ndipo anthu ankabwera ambiri, poti ankamva mawu a Mulungu m'chilankhulo cha amayi awo. Anadzutsa tchalitchi pamudzi wina wa m'munsi mwa mapiri. Ntchito itatha, mayi Esnati anati tiyeni tizipita kwathu. Agogo anu anayankha kuti watsala mmodzi, kamwana, kamene kanachoka kwawo kali kumsana ndipo sikadziwa dzina la mudzi wake. Anati sangakasiye panjira. Anayendayenda nako m'midzi yozungulira, akufunsa nkhalamba za mabanja amene anapita ku Nyasalande osabwerako. Tsiku lina anabwera madzulo akumwetulira, n'kunena kuti kapeza kwawo. M'mawa mwake anadzuka ndi malungo, ndipo sanathe sabata.

Anawaika kuseri kwa tchalitchi chimene anadzutsacho. Anthu akumeneko anawalira bwino, mayi Esnati anatero, ndipo ndimawathokoza. Koma ine ndinalira ngati mwana, ndipo abusa a Nampinga sindinawalankhule chaka chathunthu. Pambuyo pake tinagwirizana, anali munthu wabwino, nawonso zinawadya mpaka imfa yawo. Chimene chinandikhala pamtima ndi china. Mkazi wanga anaperekeza anthu onse aja kwawo, iye n'kutsala kwa eni. Chilomwe ankachidziwa, inde, koma kwawo ndi kuno. Mchombo wake uli ku Nchema. Ankalota m'Chinyanja, ankandikalipira m'Chinyanja, Lute ankamuimbira m'Chinyanja. Anandiuza kuti akatula abwerako, ndipo sanali munthu wonama. Ndimaganiza kuti naye njira yamusokonekera, ndipo kumene aliko palibe amene angamuitane m'mawu a kwawo.

Ndinayesa kupitako kamodzi ndi njinga. Ndinabwerera panjira, ena atandiuza kuti kutsogolo kudakali mabomba okwirira, ndipo kunena zoona ine ndi munthu uja anathawa bango. Kenaka mawondo anatha. Kwa zaka zambiri Lamulungu lililonse ndinkalawirira kukatsegula tchalitchi ndisanaimbe belu, n'kuyang'ana pansi. Ndiye kunabwera chitukuko chanu, anagwetsa cha zidina chija, anamanga cha njerwa zootcha, pansi n'kuthira simenti. Aliyense anaomba m'manja. Ine ndinabwera kunyumba n'kukapempha mlongo wanga kuti andiphunzitse kuzira.

Tsono Tadala, mdzukulu wanga, sendera kuno. Pita ukaphunzire zonse zimene akakuphunzitse, za pakanema ndi za m'mabuku, ndipo Chilomwe ukachigwire bwino, anthu akumeneko ukawalalikire m'chilankhulo chawo. Dzina la mudzi uja mayi ako akulidziwa. Ukadzafikako, udzasankhe tsiku limodzi, masana dzuwa lili paliwombo, udzapite kuseri kwa tchalitchi. Tsiku limenelo Chilomwe udzachisiye. Udzachititse mapemphero onse m'Chinyanja chathu chino cha ku Chiradzulu, nyimbo, pemphero, mawu, osadumpha kanthu. Pomaliza udzatambasule manja n'kuitana. Nyenje zikadzaleka kulira usadzathawe ngati agogo ako aamuna. Pobwerera usadzakwere galimoto msanga, usadzacheukecheuke, ndipo uzidzayenda pang'onopang'ono, paja agogo ako aakazi mwendo wakumanzere umawavuta.

Iwe Yamikani, simenti yakoyo ukamangire khola la nkhumba. Pano pazikhala dothi mpaka ine nditapita. Tsopano nyamukani, muzungulire kuseri, nandoloyo mukapetere uko. Ndikufuna pakhale posalala, poti m'mawa uliwonse ndisanatsuke m'kamwa ndimatsegula chitseko n'kuyang'ana pansi. Mapazi a nkhuku ndimawadziwa, a galu ndimawadziwa, anu a nsapato zamapulasitiki ndimawadziwanso. Limene ndikudikira ndi lakumanzere, la zala zinayi.